Mlendo Sathamangitsidwa, Amaperekezedwa

"Nkhuku ndi imene imachoka pakhomo pa munthu chonchija."

"Ine sindinachoke ngati nkhuku."

"Nanga unachoka ngati chiyani? Ndawerama pang'ono kuti ndivuule zitumbuwa, poweramuka ndapeza mpando wokhawokha. Ngakhale mbuzi imayamba yalira potuluka m'khola."

Msaiwale anakoka ndowa yobooka imene inali pakati pa miyendo yake n'kuyamba kuikhoma pamalo pamene sipanabooke. Umo ndi mmene ankachitira mawu akamuthera: ankayankhula ndi hamala. Msika wonse wa Tsitsaniko unkadziwa kuti ndowa ikalira mosalekeza ndiye kuti Tiferanji wa zitumbuwa wafunsanso funso.

Tiferanji anali atatopa. Mango anapsa n'kutha, anapsanso n'kuthanso, mnyamata wokhoma ndowa ameneyu akubwerabe masana alionse kudzakhala pa kampando ka pambali pa chiwaya chake. M'mutu mwake mtsikanayo anali atamanga kale nyumba, atadzala maluwa kuzungulira khonde, ana atawatcha maina. Ngakhale apongozi amene sanawaonepo anali atakangana nawo kale n'kugwirizananso. Chinatsala chinali chimodzi chokha: mwini wake atsekule pakamwa, afunsire. Koma Msaiwale ankangobwera, n'kumamuyang'ana ngati munthu amene akuonerera mvula ikugwa m'munda wa eni ake, kenako n'kusowa osatsanzika. Amayi ake a Tiferanji ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye ankayankha kuti alibe cholinga chokwatiwa ndi nkhono.

Kunena zoona, vuto silinali la Msaiwale yekha. Iye anali wobwera. Anawoloka mtsinje wa Mpakapano kuchokera ku Mvulayakana, dziko limene mitambo inkangodutsa ngati ikuthamangira maliro kwina, ndipo analowa mu ufumu wa Takulandirani wopanda chiphaso. Chiphasocho chinkaperekedwa mwaulere ku likulu, ku Khalanipansi, mu ofesi yokongola kwambiri imene munthu wopanda chiphaso sankaloledwa kulowamo.

Anthu a ku Takulandirani ankadzitama ndi chinthu chimodzi, ulemu wawo kwa alendo. Koma chaka china denga la nyumba yachifumu linayamba kudontha, sopo anasowa m'masitolo, ndipo tambala wa Mfumu Sindinanene analeka kulira. Nduna zitakhala pansi kufufuza zinapeza kuti zonsezi zinayamba obwera atachuluka. Anafunika achoke. Apa m'pamene mwambo unaima panjira ngati chitsa. Ku Takulandirani mlendo sathamangitsidwa. Amatsanzika yekha, mwini khomo n'kumuyankha kuti apite bwino, kenako n'kumuperekeza. Mfumuyo inkafunitsitsa kuti obwerawo achoke, koma sinkafuna kuti zidzukulu zidzamve zoti mawuwo anatuluka m'kamwa mwake.

Choncho panakhazikitsidwa Unduna Woperekeza Alendo, ndipo analembedwa ntchito amuna a matsache. Ntchito yawo inali kukumbutsa mlendo, mwaulemu, kuti nthawi yatha. Ankasesa pafupi ndi mapazi ake. Ankayasamula akumuyang'ana m'maso. Ankaloza dzuwa, ngakhale m'mamawa, n'kunena kuti lapitatu ili. Ena ankamufunsa mwachifundo ngati ziweto kwawo sizikumusowa. Ku likulu kunatsekulidwa sukulu yophunzitsa kuyasamula, ndipo okhoza bwino ankalandira mendulo pamodzi ndi mafuta otikitira nsagwada. Wobwera akangotsanzika munthu wina aliyense, kaya wogulitsa tomato, kaya mbusa, wa tsache ankaimba kherere, ndipo m'mawa mwake mlendoyo ankaperekezedwa ku mtsinje.

Obwerawo nawo anaphunzira. Ankalangizana zinthu ziwiri: usatsanzike, ndipo usapemphe kanthu, chifukwa wopempha amaoneka ndipo wooneka amasesedwa. Pamowa, kutchalitchi, pa ukwati, ankangochoka ngati utsi. Wina atapondedwa phazi pamzere wa kuchigayo anadikira mpaka womupondayo atagayitsa. Mkulu wina anapita kukapepesa maliro, anamfedwa n'kumukhazika pampando wa kutsogolo pamene aliyense ankamuona. Kuzemba kunakanika, kutsanzika kunakanika. Anakhala pomwepo mpaka tsiku lometa, mpaka chiliza kumangidwa, ndipo lero lino ndi iye amaweruza milandu ya pabanjapo.

Zonsezi Tiferanji ankazidziwa. Kungoti ankakhulupirira kuti malamulo amapangidwira anthu osakondana.

"Ine si boma," anatero. "Ndilibe tsache, ndilibe kherere. Ngati timawu tiwiri tating'ono tikukukanika, nanga aakulu aja adzatuluka liti? Ukachokanso mwa nkhuku lero, kampandoka ndikasonkhezera moto."

Msaiwale anaunguzaunguza. Msika unali zii ndi dzuwa la masana. Wa tsache yekhayo amene analipo anali a Mpinganjira, mkulu wa maondo otupa, amene ankaodzera pansi pa mtengo wa mbawa atatsamira tsache lawo. Chilembedwere ntchito anali asanagwirepo munthu. Anzawo ankawanyoza kuti ngakhale kuyasamula kwawo n'kwenikweni, si kwa boma.

Mnyamatayo analongeza zipangizo zake m'thumba, n'kuimirira. Anawerama ngati akufuna kuona ngati chiwaya chabooka, ndipo motsitsa kwambiri anati, "Tsala bwino, Tife."

Tiferanji anali asanamvepo dzina lake litadulidwa mokoma chotero. Mafuta akale a m'chiwaya anaoneka ngati uchi, ntchentche za pamsika zinamveka ngati kwaya. Asanapeze mpweya woyankhira, kherere analira pansi pa mbawa.

A Mpinganjira anabwera akutsimphina, akupepesa njira yonse. Anati maso ndi awo ndipo anali atawatseka ndithu, koma makutu ndi a boma.

M'mawa mwake Nduna Yoperekeza Alendo, a Gwedemula, anabwera eni ake ndi oimba ng'oma. Anayankhula misozi ikulengeza kuti dziko lonse ladandaula kuona mlendo waganiza zochoka msanga chonchi, asanalawe ndi maungu omwe. Msaiwale anapatsidwa kamba wa mbatata yootcha. A Mpinganjira, monga mwa mwambo, anasenza thumba la mlendo, ndipo awiriwo anauyamba wa ku mtsinje.

Tsiku limenelo Tiferanji sanakazinge. Anakhala pa kampando kaja akutukwana pakamwa pake pomwe. Anadziona atakalamba pamsikapo, ataonda ngati bango, ana akumuloza kuti ndi uja anapitikitsa mwamuna ndi lilime. Anali atasankha kale nyimbo zodzaimbidwa pa maliro ake pamene, dzuwa litapendeka, anaona anthu awiri akutulukira kumapeto kwa msika. Kutsogolo kunali a Mpinganjira akuseka. Pambuyo panali Msaiwale, thumba lili paphewa pake.

Zinachitika n'zoti atafika pamtsinje, a Mpinganjira anapereka thumba lija n'kutembenuka akutsimphina. Tsono Msaiwale analeredwa bwino. Ku Mvulayakana kulibe mvula koma mwambo ulipo, ndipo sakanalola munthu wamkulu wa maondo otere kubwerera yekha njira ya m'tchire. Anati awabwezeko pang'ono, mpaka pa mtengo wa mlambe. Kukana kuperekezedwa ndi mwano, choncho mkuluyo anavomera. Pofika pa mlambepo nkhani ya mmene amamatira mlomo wa ketulo inali isanathe. Pamene ankadzazindikira anali akumva fungo la usipa wa pamsika.

Tiferanji anathamanga chitenje chikuuluka. M'njiramo anali atatsimikiza kuti mnyamatayo wanyoza ufumu wonse chifukwa cha iye.

"Wabwerera?"

Msaiwale anayang'ana pansi n'kunena kuti amangoperekeza bambowa.

Mtsikanayo anamupatsa chitumbuwa chadzulo ndi mphamvu yoti chinakaphwanyikira pachifuwa.

Koma lamulo ndi lamulo. M'mawa mwake ng'oma zinaliranso, a Gwedemula analiranso, mbatata inaperekedwanso, ndipo a Mpinganjira anaperekezanso mlendo wawo. Madzulo mlendo anawabweza. Mkucha wake chimodzimodzi. Obwera ena amene ankagwidwa atamva zimenezi anakumbukira kuti nawonso analeredwa bwino. Posakhalitsa msewu wa ku Mpakapano unadzaza ndi anthu oyenda awiriawiri, ena akupita, ena akubwera, akulonjerana popambana.

Theka la msika linasamukira m'mbali mwa msewuwo. Osoka nsapato za matayala anayamba kunenepa. Ometa tsitsi anaphunzira kumeta akuyenda chammbuyo. Amayi ankatumiza nkhuku ndi mauthenga kwa abale awo a kumtsinje, akumati chiyambire ufumuwu boma silinakhazikitsepo mtengatenga wodalirika chonchi. Mayi wina wogulitsa usipa ananena kuti akanakonda mwamuna wake akanakhala wobwera, bola bwenzi pali munthu amene akudziwa kumene amaswera. A Mpinganjira maondo anaphwa, mimba inabwerera m'malo mwake, moti akazi awo anatumiza dengu la mazira ku Unduna pothokoza.

Amene sankaseka anali Tiferanji. Ankadziwa kuti chinthu chokoma chonchi boma silichedwa kuchikonza. Tsiku lina anasenza beseni lake la zitumbuwa n'kuyenda limodzi ndi Msaiwale ndi womuperekeza wake. A Mpinganjira, munthu wachifundo, anatsalira m'mbuyo akumanga zingwe za nsapato zimene zinalibe zingwe.

Mtsikanayo anati njira ndi yaitali, ndipo munthu ngati ali ndi mawu akhoza kuwayamba pano n'kukawamaliza pamtsinje. Msaiwale anaganiza kwa kanthawi, kenako anati ndowa za masiku ano n'zopyapyala kwambiri.

"Akugwira kale, Msaiwale. Kherere analira kale. Ukuopanso chiyani?"

Mnyamatayo anayenda ndithu, fumbi likutuluka kumapazi.

"Wobwera akapempha amakumbutsidwa kuti ndi wobwera," anatero. "Bola osapempha. Umatha kumadziuza mumtima kuti akanakupatsa."

Tiferanji anakonza beseni pamutu n'kufulumira kutsogolo, mawuwo atamukwiyitsa kuposa zonse.

Nkhani inafika ku bwalo lalikulu la ku Khalanipansi. Aliyense ankaloledwa kudzamvera, ndipo popeza pamene pali khamu pali njala, Tiferanji anapita ndi beseni lake n'kukhala kumphepete. Mfumu Sindinanene inakhala pampando wake pansi pa ambulera. Pa milandu yovuta mfumuyi sinkayankhula, inkangotsokomola, ndipo pambali pake pankaima mkulu wina amene ntchito yake inali kumasulira chifuwa chachifumu.

A Gwedemula anayamba. Anati dziko lili pamoto. Matsache onse ali pamsewu, likulu ladzaza fumbi. Mbatata yatha m'minda chifukwa cha kamba. Kale obwerawa ankabisala, koma chiyambire kuwaperekeza aliyense akuwaona m'mawa ndi madzulo, ndipo ena ayamba kunenepa. Anafotokoza kuti Unduna unayesa kulamula operekeza kuti akafika pamtsinje azingoika katundu pansi n'kuliyatsa liwiro. Koma pothamangapo zipewa zinkagwa, ndipo alendowo, ndi ulemu wawo woipawo, ankawathamangira mpaka kumsika kuti akawapatse zipewa zawo. Choncho iwo ankapempha kuti kubweza woperekeza kuletsedwe.

Akuluakulu anang'ung'udza. Wina anati zikatero maiko oyandikana nawo adzati ku Takulandirani n'kumene alendo amakaphunzira mwano.

Kenako anaimirira a Dyeratu, Nduna ya Minda, amene ankadziwika kuti ndi bwenzi la obwera. Anayamba ndi kupukuta maso. Anati anthuwa ndi anthu ngati ife tomwe, magazi awo ndi ofiira, ndipo mtima wawo umasweka akaganiza zoti achoke thonje lisanapaliridwe. Anafunsa bwalo kuti adzakumba manda ndani, adzafukula zimbudzi ndani, adzanyamula machira a mfumu ndani. Anati iwo amawakonda anthuwa kwambiri moti kumunda kwawo sawalola n'komwe kukhala pamthunzi, kuopa angadwale chimfine.

Mayi wa usipa uja, amene anakhala pafupi ndi Tiferanji, ananong'ona kuti chikondi chikafika pamenepo bola chidani, chimakupatsako mbatata.

Nduna ziwirizo zinalozana zala mpaka mithunzi inafupika. A Gwedemula anati a Dyeratu akugulitsa dziko. A Dyeratu anati a Gwedemula alibe umunthu. Panthawi ya chakudya anakhala mphasa imodzi n'kugawana chiwindi cha mbuzi, kenako anabwerera kudzapitiriza kudana. Palibe amene anafunsa wobwera aliyense maganizo ake, ngakhale amene anagwirira ambulera ya mfumu anali wobwera, ndipo mkono unali utatopa.

Potsiriza anaitana a Mpinganjira, popeza chisokonezo chonsechi chinayambira pa iwo. Anawafunsa kuti afotokoze bwinobwino mmene mlendo wawo anatsanzikira. Mkuluyo anafotokoza. Atafunsidwa kuti nanga mtsikanayo anayankha chiyani, anakanda m'mutu n'kunena kuti sanayankhe kanthu, kherere anafulumira.

Operekeza ena atafunsidwa, onse anavomera zomwezo. Pofuna mendulo, aliyense ankaimba kherere mwini khomo asanatsekule pakamwa. Akuluakulu anagwedeza mitu. N'chifukwa chake alendowa sakupita. Mlendo amene wayankhidwa kuti pita bwino satembenuka, ngakhale woperekeza atagwa n'kuthyoka mwendo. Koma amene sanayankhidwe amakhala ngati chitseko chosatsekedwa, mphepo imangochikankha uku ndi uku.

A Gwedemula anadzipereka kuti akayankhe eni ake alendo onse tsiku limodzi. Akuluakulu anawakaniza. Mwambo umati woyankha ndi amene anatsanzikidwa, osati wina.

Apa mfumu inatsokomola mokondwa kwambiri, chifukwa inaona kuti mawu oipawo adzatuluka m'kamwa mwa anthu ena. Womasulira chifuwa analengeza lamulo. Aliyense amene anatsanzikidwa ndi wobwera akaonekere pamtsinje n'kuyankha, kuyambira ndi mtsikana wa zitumbuwa. Wokana adzasesedwa pamapazi, iye ndi a pabanja pake onse, mpaka nawonso atatsanzika.

Tiferanji anamva ngati beseni lili pamutu pake ngakhale linali pansi. Mayi wa usipa anamugula zitumbuwa ziwiri zimene sankazifuna.

Amayi ake atamva sanadekhenso ngati munthu wofuna kuona maso a nkhono. Anamuuza kuti iwo anabadwira muno, adzafera muno, ndipo sangasesedwe paukalamba wawo chifukwa cha mnyamata amene ngakhale pakhomo sanafikepo. Anati amuna ndi ambiri, ena amayankhula mpaka umachita kuwapempha kuti akhale chete. Tiferanji anawayankha kuti iye safuna ambiri.

Tsiku litafika, gombe la Mpakapano linadzaza. Mfumu inabwera pa machira, obwera atainyamula pamapewa, ndipo inakana kutsika kuopa matope. Amuna a matsache anandanda ngati asilikali. Kumbuyo kwawo kunaima obwera ena onse ogwidwa, aliyense ndi womuperekeza wake, akudikira kuona mmene zidzawathere. Pamadzi panali bwato, mwini wake akutafuna mzimbe ngati munthu amene waona maufumu ambiri.

Tiferanji anavala chitenje chake chatsopano, chimene ankasungira tsiku lina losiyana ndi limeneli. Anachivala chifukwa cha mkwiyo. Msaiwale anaima pafupi ndi madzi, a Mpinganjira ali pambali pake ndi thumba lija.

A Gwedemula anayankhula za mbiri ya ufumu kuyambira pa mfumu yoyamba, ndipo atafika pa denga lodontha anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Mwanawe, mlendo wako anatsanzika. Muyankhe."

Tiferanji anayang'ana Msaiwale. Mnyamatayo anagwedeza mutu pang'ono, kumuuza kuti anene basi, adzipulumutse yekha ndi amayi ake. Zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri. Ngakhale pano, phazi lili m'madzi, munthuyu sakupempha kanthu. Akungopereka, ngati mtengo wa m'mbali mwa njira. Magazi anamuthamanga, ndipo pamodzi ndi mkwiyowo munabwera nzeru imene sanachoke nayo kunyumba.

"Ndiyankha, a Nduna," anatero atagwada pang'ono. "Koma kwathu kuno mlendo saperekezedwa asanapereke malonje. Munthuyu wakhala pa mpando wanga mango mpaka mango, sananenepo chimene anadzera. Akafika kwawo akamufunse kuti unapita kukatani, akayankha chiyani? Adzati ku Takulandirani alendo safunsidwa."

Khamu linayamba kunong'onezana. Zinali zoona. Nduna zinayang'anizana, ndipo palibe imene inakumbukira kuti wobwera wina aliyense anafunsidwapo malonje chiyambire. Onse anayang'ana kwa mfumu. Mfumu inatsokomola. Womasulira anatchera khutu, n'kulengeza kuti ichi n'chifuwa chabe, cha fumbi la m'njira.

Tiferanji ankadziwa chimene wachita. Msaiwale akangonena kuti anadzera chakudya kapena ntchito, malonje athera pomwepo, iye ayankha, bwato linyamuka. Koma akatchula za mbeta, nkhani ichoka m'manja mwa nduna n'kupita kwa amalume ndi ankhoswe, ndipo mlendo wodikira yankho la ankhoswe palibe amene angamuperekeze. Ku Takulandirani ankhoswe anali asanamalizepo nkhani ina iliyonse mofulumira. Zonse zinali pa lilime la munthu amene ankayankhula ndi hamala.

A Gwedemula anati palibe chifukwa chovutitsira mlendo, iwo akudziwa kale chimene anthuwa anadzera: minda yathu, sopo wathu, ndi kutseka pakamwa tambala wa mfumu. A Dyeratu anati ayi, anthuwa anadzera khasu, amalikonda khasu kuposa ana awo, ndipo iwo ndi okonzeka kumuyankhulira mnyamatayu monga bambo wake.

"Pepani akuluakulu," anatero Tiferanji. "Pakamwa ali napo."

Msaiwale anatambasula dzanja kufuna thumba lake. A Mpinganjira analibisa kumbuyo n'kunena kuti pakadali pano katundu wa mlendo ali m'manja mwa boma.

Mnyamatayo anayamba kufotokoza, maso ali pamchenga, kuti kwawo kunagwa chilala, zitsime zinauma, mbuzi zinayamba kudya nsanza. A Gwedemula anayamba kumwetulira. Wa bwato analavula zotafuna zake n'kugwira nkhafi.

"Zimenezo ukawauze a Nduna," anamudula Tiferanji. "Ine ndikufunsa za pa kampando kanga. Zitumbuwa sunkagula. Chiwaya changa sichinabookepo. Unkadzatani?"

Msaiwale anayang'ananso thumba lake kumbuyo kwa a Mpinganjira. Madzi ankamveka akugunda bwato. Kumbuyo, obwera ena anali atatambasula makosi ngati atsekwe, ndipo wina wa iwo, mayi wachikulire amene anali asanapemphepo ngakhale madzi akumwa m'dziko lino, milomo yake inkagwedezeka ngati akumuthandiza kutafuna mawuwo.

Mtsikanayo anadikira. Kudikira sichinali chinthu chimene ankachitha, koma anadikira mpaka mfumu inayamba kusuntha pa machira, mpaka a Gwedemula anakweza dzanja kuti alengeze kuti malonje atha.

"Mawu ndi awiri okha, Msaiwale," anatero, "ndipo loyamba lafika kale pamilomo."

Anakoka mpweya, misozi ikutsika popanda chilolezo chake.

"Pita..."

"Ndikufuna iwe."

Mawuwo anatuluka okhakhala ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa, koma anatuluka mokweza moti akakowa anauluka m'mabango. Onyamula machira anatembenuka onse nthawi imodzi kuti aone wobwera amene wapempha, mfumu n'kupendekera mbali imodzi itagwira chisoti. Palibe amene anaithandiza. Msaiwale anali atachotsa phazi m'madzi, ndipo pakamwa pake, potsekuka, panakana kutsekekanso.

"Ndikufuna iwe, Tife. Ndikufuna ndikaonane ndi amalume ako masana, anthu akuona. Ndikufuna nyumba kwanu, ngakhale ya chipinda chimodzi, yoti ndikadwala ndizibuuliramo mokweza ngati mwamuna wina aliyense. Ndipo m'mawa uliwonse ndizikutsanzika pakhomo, mudzi wonse ukumva, madzulo n'kumabwera."